Mazira ofiira a mlamu wanga, ndithandizeni ndisalakwitsenso

Make Tadala, Preston:
Odi pagulu. Nkhani yanga ndi ya kukhitchini koma yandilemera mumtima. Achimwene anga anakwatira mkazi wa ku Romania, ndipo tinayandikana nyumba kuno ku Preston, ku England. Mlamu wangayu amayi ake anatisiya mu Novembala, pano ali ndi khanda la milungu 5. Chaka chilichonse pa Pasaka mayi akewo ndi amene ankatsogolera zonyika mazira ofiira. Akalephera kubwera, ankaimbirana foni ya kanema, wina ali kukhitchini kwawo wina ali kuno, aliyense ndi poto wake pamoto. Sabata yatha tikusambitsa mwana anangoti, chaka chino mazira kulibe, kenako n'kuyang'ana kukhoma. Sindinayankhe, koma mumtima ndinati mazirawo apezeka patebulo zivute zitani.

Dzulo ndinayeserera ndi mazira 6. Awiri anang'aluka ali pamoto, choyera chija n'kumatuluka ngati thovu. Anayi otsalawo ndinawaviika mu utoto wofiira wa makeke, anatuluka amawangamawanga, kwina kofiirira kwina kotuwa. Nditasenda limodzi, chigoba chinkachoka ndi mnofu womwe, ndipo m'mphepete mwa chikasu munali mzere wobiriwira. Amene mumadziwa ndiyambitseni pachiyambi penipeni.

Nambewe, London:
Pepani achemwali, mlamu wanuyo Mulungu amutonthoze. Ine ndatha zaka 6 ndikusamalira agogo ena a ku Cyprus kuno ku Palmers Green, ndipo chaka ndi chaka manja anga ndi amene amanyika mazira awo, iwo ali pampando akulamula. Utoto wa makekewo uikeni kaye pambali. Kuyambira lero musatayenso makoko a anyezi, ouma apamwamba aja. Ndikaweruka ndilemba zonse.

Bambo a Mphatso, Johannesburg:
Kodi Pasaka wa 2026 si Lamulungu likubwerali pa 5 Epulo? Ndiye nthawi yakutherani mayi.

Make Tadala, Preston:
Ayi achimwene, wathu ndi pa 5, wa mlamu ndi pa 12. Amapemphera Orthodox.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndi zoona zimenezo. Lamulo lopezera tsikuli ndi lofanana: Lamulungu loyamba mwezi ukakhala wathunthu kuyambira pa 21 Malichi. Kusiyana kuli pa kalendala. A Orthodox tsiku la Pasaka amaliwerengera pa kalendala yakale ya Julius Caesar, imene pano yatsalira m'mbuyo ndi masiku 13 poyerekeza ndi ya Papa Gregory ya 1582 yomwe tonse timayendera. N'chifukwa chake zaka zina masikuwa amakumana, zina amatalikirana. Mu 2025 tonse tinachita pa 20 Epulo, pomwe mu 2024 ife tinachita pa 31 Malichi iwo pa 5 Meyi.

Bambo a Mphatso, Johannesburg:
Zikomo aphunzitsi, ndaphunzirapo. Ndiye mayi a Tadala muli ndi mwayi, chifukwa chinthu choyamba chimafuna masiku amenewo. Ine ndimaphika pahotela, m'mawa uliwonse ndimawiritsa mathileyi a mazira, ndiye za kusenda ndi za mng'alu ndisiyireni. Kagulenitu mazira lero, agone sabata imodzi kapena masiku 10. Dzira loikiridwa kumene ndi labwino kukazinga, koma likawiritsidwa silisendeka, kanembanemba kam'kati kamakakamira ku choyera. Likakhalitsa pang'ono kanembanembako kamalekana nacho, ndipo mbali yotakata ija kumachita kampata ka mpweya, pomwe mumayambira kusenda.

Za kung'aluka, ndikukhulupirira munawachotsa mufiliji n'kuwaponya m'madzi obwata. Atulutseni ola lathunthu asanapite pamoto. Asasanjikizane m'poto, akhale mzere umodzi pansi. Muwatsitse ndi sipuni, osati kuwagwetsa. Ndipo moto usakhale woti mazira azivina n'kumagundana, madzi azingoti phwi phwi pang'onopang'ono. Kuno ku Joni ndimawapatsa mphindi 13 chifukwa tili pamtunda, inu kumeneko 11 zikwana. Akapsa, pompo m'madzi ozizira.

Make Tadala, Preston:
Mwandigwira achimwene, anachokeradi mufiliji. Ndipo ndinawasiya pamoto pafupifupi theka la ola, ndimati apsetsetse.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Mzere wobiriwira uja wachokera pamenepo. M'chikasu muli ayironi, m'choyera muli sulufule. Dzira likakhalitsa pamoto, sulufule uja amatuluka ngati mpweya n'kukakumana ndi ayironi pamalire a chikasu, n'kupanga mtundu wobiriwira motuwirawo. Fungo la dzira lowiritsa mopyola muyeso limachokeranso komweko. Si poizoni, mazira ambiri amene timagula ndi kamchere pa depoti amakhala nawo mzerewu ndipo timadya bwinobwino, kungoti chikasu chimauma n'kumatsamwitsa. Kuwaziziritsa msanga kumene anena bambo a Mphatso n'kumene kumaletsa.

Za pamtunda akunenanso zoona. Johannesburg ili pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi amabwata asanafike madigiri 95. Kuno ku Dedza n'chimodzimodzi, nyemba zimatichedwera kuposa ku Nsanje. Preston ili kufupi ndi nyanja, madzi anu amafika 100.

Nambewe, London:
Ndaweruka. Tsono mverani achemwali, ndikuuzeni momwe agogo anga kuno amandichititsira.

Makoko akhale a anyezi wamba wa khungu la bulauni, osati wofiira. Ambiri amadabwa pamenepa. Wofiira uja amapereka mtundu wakuda wa khofi, pomwe wabulauni ndi amene amatulutsa kufiira. Pa mazira 12 pamafunika makoko a anyezi 12 mpaka 15, akachuluka ndiye bwino. Inu simungadye anyezi onsewo sabata imodzi, ndiye pitani kwa ogulitsa ndiwo zamasamba mukapemphe otsalira pansi pa kireti, ine amandidzazira jumbo osandilipiritsa. Makokowo muike m'lita imodzi ya madzi ndi masipuni awiri aakulu a vinega woyera, muvundikire, ziwire pang'onopang'ono theka la ola. Madzi ake amaoneka ngati tiyi wopanda mkaka, musataye mtima. Musefe, muasiye azizire.

Mazira aja muwapukute limodzi limodzi ndi kansalu konyowetsa vinega. Dzira likakhala ndi mafuta a m'manja kapena zitosi pang'ono, utoto sugwira pamenepo, ndiwo mawanga anu aja. Kansalu komweko kamafufutitsanso chidindo chofiira cha mkango chimene amadinda pa mazira a kuno, ngakhale pa dzira lofiira sichioneka kwenikweni. Kenako muwasanje m'poto, muthire madzi a anyezi mpaka amire, muyatse moto wochepa. Akayamba kuwira muwerenge mphindi 12. Mukaphula musawavuule msanga, poto yense muike m'beseni la madzi ozizira, akazizira alowe mufiliji ali m'madzi mwawo momwemo. Pakatha maola angapo muone limodzi. Agogo anga amafuna agone usiku wonse, m'mawa amatuluka ofiira ngati magazi.

Akauma muwapake mafuta ophikira pang'ono ndi kansalu. Dzira limene limaoneka lofwifwa limayamba kunyezimira m'manja mwanu momwemo. Pamenepo agogo anga amati ndiwabweretsere pafupi ndi zenera, amalitembenuza dzira lililonse ndi zala zawo zonjenjemerazo, lokhala ndi kamng'alu kakang'ono amaliika padera.

Bambo a Mphatso, Johannesburg:
Asisi zonse ndagwirizana nazo kupatula chimodzi. Kuyamba ndi madzi ozizira kumavutitsa posenda. Ine ndaona pa mazira ambirimbiri, olowa m'madzi otentha kale amasendeka bwino kuposa oyambira m'ozizira. Bwanji osawiritsa kaye utotowo n'kuwatsitsamo ndi sipuni?

Nambewe, London:
Inu achimwene mukuphikira alendo amene amafuna dzira losendedwa kale lili see pambale. Awa ndi ena. Dzira lofiira ntchito yake yoyamba ndi kugundanitsa, munthu aliyense amatenga lake n'kugunda la mnzake, lomwe lasweka laluza. Likang'aluka m'poto ndiye kuti lathera pomwepo, komanso utoto umalowa m'kati. Bola livute posenda koma chigoba chikhale chathunthu. Poti mwawauza kale kuti mazira agone sabata, kusendako sikuvuta kwambiri.

Bambo a Mphatso, Johannesburg:
Apo ndamva. Za kugundanitsazo sindimazidziwa. Tsatirani za asisiwa mayi.

Make Tadala, Preston:
Nanga mtundu wa mazira? Kuno ambiri m'mashopu ndi abulauni. Ndizungulire kufuna oyera?

Nambewe, London:
Musavutike. Pa anyezi abulauni ndiwo abwino, kufiira kwake kumazama. Oyera amatuluka ofiirira cha ku olenji. Oyerawo amafunika mukafuna mitundu yowala ya ana.

Aphunzitsi a ku Dedza:
Ndiwonjezere pa vinega, poti ena amaganiza kuti akachulutsa mtundu ugwira kwambiri. Chigoba cha dzira ndi mtundu umodzi ndi choko ndi miyala ya laimu, asidi amachidya. Vinega pang'ono amathandiza utoto kumata pa kachikuto kopyapyala kamene kali pamwamba pa chigoba. Akachuluka mudzaona tithovu tambiri tikutuluka padzira, kachikuto kaja kamasupuka, mukangopukuta mtundu umachoka ngati litsiro. Masipuni awiri amene anena a Nambewe ndi okwana.

Ine zimenezi ndimachita ndi ana a Fomu 2 pophunzitsa za asidi. Kabichi wofiira amatulutsa dzira la buluu, ana amakuwa ndi kudabwa. Ufa wa turmeric umapereka chikasu chowala. Chidede, ngakhale madzi ake ndi ofiira chotere, dzira limatuluka lotuwa ngati phulusa. Beetroot ananditayitsa nthawi, mtundu wake ndi wofooka. Palibe choposa anyezi pa kufiira.

Mkulu wampingo, Lilongwe:
Abale ndisakubisireni, ine nkhani iyi ikundivuta. Ndawerenga Mauthenga onse anayi, sindinapezemo dzira. Kodi sitikutola miyambo yachikunja n'kuiveka dzina la Ambuye? Komanso kuno mtengo wa mazira wakwera moti mabanja ambiri dzira amaliona mwa apo ndi apo, ndiye kumva kuti kwina akusewera nawo mtima umawawa. Sindikunyoza mayi a Tadala, cholinga chanu ndi chabwino, koma ndimati ndifunse.

Adokotala, ndinaphunzira ku Cluj:
Funso lanu ndi loyenera akuluakulu, ndiyankhe monga munthu amene ndinakhala zaka 6 ku Cluj, mzinda wa ku Romania, pakati pa anthu amenewa. M'Baibulo mulibedi lamulo la mazira, ndipo ngakhale wansembe wa ku Romania sangakuuzeni kuti lilimo. Mwambowu unamera pa kusala kudya. A Orthodox amasala pafupifupi milungu 7 Pasaka asanafike, osadya nyama, mkaka, tchizi ngakhale dzira. Kale Akhristu a ku Ulaya konse ankasala chonchi. Tsono nkhuku sisala. Nyengo imeneyi kumpoto kuja chisanu chikutha, masana akutalika, ndiye nkhuku zimaikira kwambiri. Mazira ankaunjikana, a masiku omaliza n'kuwawiritsa, ndipo dzira linkakhala chinthu choyamba kulowa m'kamwa kusala kukatha. Kufiira amati ndi mwazi wa Yesu, chigoba ndi manda otsekedwa, kuswa ndi kutseguka kwa manda. Pogundanitsa paja wina amati "Hristos a înviat", kutanthauza Khristu wauka, winayo n'kuyankha "Adevărat a înviat", waukadi. Ndinaona ana a zaka zitatu akunena mawu amenewa dzira lili m'manja.

N'zoona kuti kukongoletsa mazira sikunayambe ndi Akhristu. Ku Iran amapaka mazira pa Nowruz, chaka chawo chatsopano cha mu Malichi. Ku South Africa kuno kwathu kummwera, paphanga la Diepkloof, anafukula zigoba za mazira a nthiwatiwa zojambulidwa mizere zaka pafupifupi 60,000 zapitazo. Koma ng'oma nayonso inalipo uthenga usanafike, lero tikuimbira Mulungu m'tchalitchi.

Za kuwononga, ine sindinaone dzira lofiira likutayidwa. Onse amadyedwa, ndi mchere, ndi anyezi wamasamba, ndi tchizi, ena amapatsa alendo ndi osauka.

Mkulu wampingo, Lilongwe:
Zikomo adokotala poyankha mofatsa. Kunyumba kwanga sindichita, koma za kusalazo zandipatsa ulemu pa anthuwa. Milungu 7 si masewera. Ngati amadyedwa onse, dandaulo langa lachiwiri ndalichotsa.

Make Tadala, Preston:
Akuluakulu simunalakwe kufunsa, inenso poyamba ndinkaona ngati zachibwana. Ndipo ngakhale Angerezi a kuno kumpoto anali ndi mwambo womwewu wa makoko a anyezi. Amawatchula pace eggs, ndipo liwu loyambalo linachokera kumene kunachokera liwu lathu loti Pasaka. Lolemba la Pasaka ku Avenham Park kuno ku Preston ana amagubuduza mazira pachitunda, akuti zinayamba mu 1867. Tadala ndimapita naye chaka chilichonse, koma masiku ano ambiri amagubuduza a chokoleti.

Gogo Nachisale, Zomba:
Ana anga moni. Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Ine ndamvetsera zonse. Kwathu kuno Pasaka safika ndi maluwa ngati kwanuko, amafika mvula ikutsazika, ndi mondokwa, maungu ndi mtedza wauwisi. Ndipo ife tikukula dzira silinali la ana. Ankati ndi la abambo ndi alendo, mayi wapakati akadya mwana abadwa wopanda tsitsi. Zinali zabodza, ana athu anamanidwa chakudya chabwino. Ndiye kumva kuti kuli dziko kumene agogo amapatsa mdzukulu dzira m'manja pa tsiku lalikulu, ine zandikomera.

Koma iwe make Tadala ndili nawe mawu. Ukuti ukufuna mlamu wako akangopeza mazira ali patebulo. Mwana wanga, iyeyo sakulira mazira. Akulira khitchini imene munali mawu a mayi ake. Ukamupititsira ophikaphika adzathokoza, koma adzakhala mlendo pa mwambo wake womwe. Nyamula poto ndi makoko akowo upite kwake. Umuuze kuti sindidziwa, ndiphunzitse. Iwe ubereke mwana, iye agwire sipuni. Akalira musiye alire, iwenso lira naye. Ife pa maliro sititumiza nsima yokha, timapita kukakhala pamphasa.

Nambewe, London:
Agogo mwalankhula. Ine ndinali pa makoko pokha.

Make Tadala, Preston:
Agogo ndawerenga kawiri, misozi yatsika. Ndimaopa kuti ndikamuuza ndimutsegula bala. Koma mwina balalo ndi lotseguka kale, ine ndimangolizemba. Ndichita monga mwanenera. Adokotala, ndipite tsiku liti, ndipo pali zina zoti ndidziwe ndisakalakwitse?

Adokotala, ndinaphunzira ku Cluj:
Pitani Lachinayi Loyera lawo, pa 9 Epulo, iwo amati Joia Mare. Ndilo tsiku lonyika mazira. Mukalephera, Loweruka. Lachisanu ambiri sagwira ntchito zoterezi, ndipo dzira lofiira silidyedwa mpaka atabwera ku mapemphero a pakati pa usiku wa Loweruka, kumene amakatenga kuwala ndi makandulo. Ndiye Tadala mumuuziretu kuti adikira masiku atatu.

M'mabanja ambiri m'mawa wa Pasaka amaika dzira lofiira ndi kandalama kachitsulo m'beseni la madzi, aliyense n'kusukusula, amati masaya akhale ofiira ndi thanzi chaka chonse. Musayambitse inu, mungomufunsa ngati kwawo ankachita. Mumufunsenso dera limene amachokera. Ngati ndi wa kummawa, chigawo cha Moldova, patatha sabata kuchokera pa Pasaka amakhala ndi Paștele Blajinilor, pamene amapita kumanda ndi mazira ofiira ndi buledi wotsekemera wotchedwa cozonac, n'kugawira anthu pokumbukira omwalira. Chaka choyamba chino tsiku limenelo lingamuwawe kuposa Pasaka weniweniyo, poti manda ali kutali.

Make Tadala, Preston:
Ndi wa kufupi ndi Suceava. Ndiye n'komweko eti?

Adokotala, ndinaphunzira ku Cluj:
N'chakomweko, kumpoto chakummawa. Ndipo dera limenelo, Bucovina, ndilo kuchimake kwa mazira ojambulidwa ndi phula la njuchi. Amalemba mizere ndi phula losungunula, n'kuviika mu utoto, n'kulembanso, kuyambira mtundu wowala kumalizira wakuda, pomaliza n'kusungunula phula lonse. Oyandikana nawo a ku Ukraine amachitanso, amati pysanka, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inalemba luso limenelo m'kaundula wake mu Disembala 2024. Amenewo sadya, amasunga. Inu musayambe ndi amenewo, ndi luso la zaka. Koma musadabwe mukapeza ali ndi limodzi losungidwa m'kabati.

Nambewe, London:
Chilipo china chosavuta chimene mwina mayi ake ankachita. Mutenge katsamba ka parsley, mukanyowetse, mukamate padzira losaphika, mukulunge zolimba ndi chidutswa cha sitokingi ya nayiloni, mumange ndi ulusi, kenako m'poto. Mukamasula, dzira lonse lafiira koma chithunzi cha tsamba chatsala chowala, timitsempha take tonse tikuoneka. Chinsinsi ndi kukoka sitokingiyo mpaka tsamba ligone osasiya mpata.

Gogo Nachisale, Zomba:
Chimenecho ndiyesa ndi adzukulu, nkhuku zanga za Mikolongwe zikuikira. Parsley ndilibe, nditchola timasamba ta chammwamba. Sitokingi ndilibenso, kodi chidutswa cha neti yakale ya udzudzu sichingachite?

Anamwino, Leeds:
Agogo chonde neti ayi! Maneti aja ananyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo chigoba cha dzira chili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Tengani kansalu kopyapyala koyera kochapa bwino. Pa chifukwa chomwecho, aliyense amene akufuna mitundu ina asagwiritse utoto wonyikira nsalu, penti kapena inki. Ukhale wa chakudya basi, kapena wa zomera zodyedwa.

Ndinenenso za kasungidwe, poti m'nyumba ya mlamuyo muli mayi woyamwitsa ndi ana. Anthu amaganiza kuti dzira lowiritsa limakhalitsa kuposa laliwisi, koma si choncho. Laliwisi lili ndi kachikuto kaja anatchula aphunzitsi, kamatseka timabowo, n'chifukwa chake kuno ku UK mazira sawatsuka ndipo amagulitsidwa pashelefu. Kuwiritsa kumakachotsa. Ndiye dzira lowiritsa lilowe mufiliji pasanathe maola awiri, ndipo lidyedwe pasanathe sabata. Onyikidwa Lachinayi pa 9 akhala bwino Lamulungu, koma asapyole Lachinayi linalo. Ndikudziwa kuti mabanja ambiri amawasiya m'dengu patebulo masiku angapo monga ankachitira makolo, koma nyumba za kuno zimakhala zofunda ndi mahita. Atulutseni nthawi ya chakudya, otsala abwerere. Long'aluka lidyedwe tsiku lomwelo. Agogo ku Zomba, ndi kuzimazima kwa magetsiku, nyikani okwana kudya tsiku limodzi.

Gogo Nachisale, Zomba:
Ndamva mwana wanga, neti ndaisiya. Koma ndinene chimodzi pa zogundanitsazo. Pakhale lamulo loti dzira la nkhanga lisalowe. Chigoba chake ndi cholimba ngati mwala, lingaswe a nkhuku onse m'mudzi. Mdzukulu wanga wina ndamuona kale akuyang'ana kukhola la nkhanga.

Adokotala, ndinaphunzira ku Cluj:
Agogo ku Romania nakonso amalidziwa dzira la nkhanga, ana amayamba ayendera dzira la mnzawo asanavomere kugunda. Lamulo lina ndi loti nsonga igunde nsonga, mbali yotakata igunde yotakata. Yotakata ija ndi yofooka chifukwa cha kampata ka mpweya kaja.

Bambo a Mphatso, Johannesburg:
Mayi a Tadala, lero ndi Lachinayi lija. Tikudikira.

Make Tadala, Preston:
Pepani ndachedwa abale, dzulo sindikanatha kulemba. Ndinapita cha m'ma 10 m'mawa ndi mazira 20, jumbo ya makoko, vinega ndi masitokingi awiri atsopano. Atatsegula chitseko n'kuona makokowo anaima osayankhula. Ndinanena monga anandiuzira agogo, kuti mlamu, ine sindidziwa, ndiphunzitse. Anandipatsa mwana, ndinamubereka ndi chitenje, iye n'kumanga tsitsi.

Zambiri anachita monga mwa a Nambewe, koma makoko sanasefe onse. Ena anawayala pansi pa poto ngati chisa kuti mazira asagundane, akuti mayi ake ankatero. Palibe limene linang'aluka. Pa masamba anaseka koyamba, poti ine ndimamanga molobodoka, anandilanda n'kukoka sitokingi ndi mano. Mazira ali pamoto anapita kuchipinda n'kubwera ndi kabokosi, m'kati muli dzira lopepuka lakuda lojambulidwa mizere yofiira ndi yachikasu, lokulungidwa m'thonje. Adokotala munalosera. Analijambula ndi agogo ake. Pamenepo ndi pamene analira, tinakhala pansi m'khitchini momwemo mpaka belu la mphindi 12 linalira, iye n'kudzuka yekha kukaphula.

Lero m'mawa tavuula. Ofiira kwambiri, cha ku mtundu wa nyemba zofiira zija, ndipo a masamba 6 atuluka bwino kupatula limodzi limene ndinamanga ine tisanakonze. Loyamba kuvuula analiika padera, akuti limenelo sagundanitsa, likhala pafupi ndi chithunzi cha mayi ake.

Nambewe, London:
Ambuye alemekezeke. Za chisa cha makokozo ndatola, chaka chamawa ndiyesa. Agogo anga kuno nawonso loyamba amalisunga pafupi ndi zithunzi zawo zopempherera mpaka chaka chithe. Ife tanyika 30 dzulo, zala zanga zikadali zofiira.

Anamwino, Leeds:
Losungidwalo lisadyedwe ndi munthu, ndipo likhale patali ndi manja a Tadala.

Gogo Nachisale, Zomba:
Wachita bwino mwana wanga. Ife tinanyika 8 pa Pasaka wathu, a nkhuku za Mikolongwe anafiira kwambiri, a zachikuda anatuluka owalirapo. Chammwamba chinajambulika bwino. Adzukulu anadya ndi mondokwa. Umupatse moni mlamu wakoyo, umuuze kuti ku Zomba kuli agogo ake.

Make Tadala, Preston:
Moni wanu ndapereka agogo, wati ndikuuzeni "Hristos a înviat". Usiku wa Loweruka achimwene anapita naye kutchalitchi, ine ndinatsala ndi khanda, anabwera cha m'ma 2 kandulo ikuyakabe m'kabotolo. Lero m'mawa anatulutsa beseni, dzira ndi kandalama, tonse tasukusula, mwana anamupukuta timasaya ndi chala chonyowa. Pogundanitsa Tadala waswa la atsibweni ake ndi langa, koma lake linasweka pa la mlamu. Posenda zigoba zimangochoka zokha, ndipo chikasu chilibe mzere, bambo a Mphatso mumve.

Atsala 9 mufiliji. Za kumanda zija ndinafunsa, ndi zoona kwawo amachita. Wati Lamulungu likudzali tinyikenso ochepa atsopano, tikagawire anzake a kutchalitchi m'dzina la mayi ake, ndipo akufuna tiphike cozonac. A Nambewe, makoko anditheratu, mawa ndibwerera kwa wogulitsa uja. Alipo pagulu pano amene anakandapo mtanda wa cozonac? Akuti umafuna kukanda nthawi yaitali ndipo khitchini isalowe mphepo.